Kukafuna Woyeza Madzi wa ku Bua

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi a Kanyumbu ndinkawadziwa ndi zolemba zawo zokha. Ndinali tayipisiti pa kaofesi ka zamadzi ku Dowa, ndipo ntchito yanga ina inali yolandira mafomu ochokera kwa anthu oyeza madzi m'mitsinje ya Dowa ndi Ntchisi. Anali anthu a m'midzi yoyandikira mitsinjeyo. M'mawa ndi madzulo ankatsikira kugombe, n'kuona pomwe madzi afika pa geji, chitsulo choyera cha manambala chozikidwa m'mphepete mwa madzi, n'kulemba. Mwezi ukatha fomu inkabwera pa positi, ine n'kutayipa.

Mafomu a ena onse ankabwera ndi manambala okhaokha. A Kanyumbu, amene ankayeza Bua kuseri kwa Malomo, ankalembanso kumbuyo kwa fomu, ndi zilembo zopendekera za anthu a sukulu yakale. Tsiku lina ankalemba kuti nantchengwa akumanga chisa pa mkuyu wa tsidya lija, ndipo waba kansanza kamene munthu anayanika pa mwala. Tsiku lina kuti madzi afiira, ndiye kuti kumtunda yagwa ngakhale kwawoko kunali dzuwa. Kawirikawiri ankatchula munthu wina amene ankangomuti mnzanga: mnzanga akuti katumbu wabereka ana awiri, mnzanga akuti madzi a lero akununkha bango lowola. Ine ndinkati ndi msodzi wina amene anakulira naye limodzi.

Bwana wathu ankafuna manambala basi. Ndikatha kutayipa, mafomu ankapita m'makatoni a kuchipinda chakuseri kumene chiswe chinkadya mosapsa mtima, koma a ku Bua ndinkawasunga m'dirowa yanga. Chaka chimene amuna anga anadwala miyezi isanu ndi iwiri n'kutisiya, anthu anandiuza mawu ambiri otonthoza, ndipo ambiri sindikuwakumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti nditabwerera ku ntchito ndinkatseka chitseko nthawi ya nkhomaliro n'kumawerenga mapepala aja. Kwa ola limodzi ndinkakhala m'mphepete mwa mtsinje umene ndinali ndisanauonepo, ndipo ndikatsegula chitseko ndinkatha kuyankha moni wa anthu.

Kenaka fomu ya Novembala sinabwere. Ya Disembala ndi ya Januwale chimodzimodzi. Mu Febuluwale kunabwera lamulo lochokera kulikulu lotseka mageji angapo. Boma la matipate linali m'chaka chake chachiwiri, ndipo nyimbo ya paliponse inali yoti chuma chavuta. Geji ya a Kanyumbu inali pa mndandandawo, ndipo kalata yowauza kuti ntchito yatha ndinatayipa ndine. Panafunika munthu woti akaipereke pamanja n'kubwera ndi mafomu otsalawo. Galimoto ya ofesi inali itakhala pa njerwa kudikira matayala, mesenjala anali chigonere ndi malungo. Nditati ndipita ine, bwana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundikumbutsa kuti mu Febuluwale msewu wa ku Ntchisi umaliza ndi amuna omwe. Sindinawauze kuti ndinkafuna kukaona nkhope ya munthuyo n'kumuthokoza, ngakhale ndinali nditanyamula zomupweteka.

Ana ndinawasiya kwa mchemwali wanga. Mkati mwa chitenje ndinavala thalauzi ya malemu amuna anga, pakuti lamulo loletsa akazi mathalauzi linali litachoka koma maso a anthu anali asanachoke. Kalata ija ndi mapepala anga a m'dirowa ndinazikulunga m'jumbo ya shuga n'kuziika pansi penipeni pa chikwama. Msewu wachidule wodzera m'mapiri ulipo, koma aliyense anandiuza kuti m'dzinja ndi wa ng'ombe zokha, ndizungulire ku Mponela.

Ndinafika pa siteji ya Dowa sikisi koloko m'mawa, n'kupeza pikapu ya matola muli anthu anayi. Dalaivala anati tikunyamuka pompano. Tinanyamukadi, koma kupita kumsika, kuchoka kumsika kupita kuchipatala, kuchoka kuchipatala kubwerera pa siteji pomwe paja. Tinazungulira chomwecho katatu, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya kutitsanzika. Pamene tinkatuluka m'tauni inali itadutsa naini, tili anthu ambiri moti phazi langa lamanzere ndinalitaya pansi pa thumba la nyemba, ndinakalipeza potsika. Mwezi wapitawo ulendo wokafika pa tala unali makwacha khumi, tsiku limenelo anati khumi ndi asanu. Anthu atadandaula, dalaivala anati si iye, ndi kwacha imene ikuyandama. Bambo wina wachikulire wa chipewa cha mlaza anafunsa mofatsa kuti ikuyandama pa mtsinje uti kuti akaidikire kumunsi ndi mono, ndipo tinaseka mpaka kuiwala kukwiya.

Podutsa pa Dzaleka anthu ankaloza ndi zala, kufotokozerana za ndende yakale ndi za othawa nkhondo amene anali atayamba kukhalamo. Zaka zitatu m'mbuyomo palibe akanaloza. Ukafika pamenepo unkangoyang'ana mawondo ako. Ndinaona kuti bambo wa chipewa uja sanaloze ndipo sanayankhulenso mpaka pa tala.

Minibasi yopita ku Mponela sinachedwe. Chitseko chake chinali chomangirira ndi chingwe, ndipo njira yonse amuna awiri ankakangana za ndale mokweza mawu ngati ana amene apatsidwa wezulo. Wina amati zinthu zinali bwino kale, wina amati kale lomwelo sakanatsegula pakamwa. Amayi amene ndinakhala nawo pampando anandinong'oneza kuti awiriwo ndi pachilamu.

Pa Mponela ndi pamene ulendo unaima. Pa siteji ya ku Ntchisi panali anthu okhala pa mitolo yawo, ena atagona pomwepo masiku awiri. Basi inapita Lolemba ndipo inali isanabwerere. Ma pikapu ankangofika, kumva za msewu, n'kutembenukira ku Kasungu. Ndinagula chimanga chootcha ndi nthochi, ndinadya chimangacho pang'onopang'ono kuti nthawi ipite, ndinawerenga zikwangwani zonse za masitolo mpaka kuziloweza. Cha m'ma wani kunagwa mvula ya mphepo, tonse n'kuthamangira pa makhonde.

Pakhonde limene ndinabisalapo pankapakiridwa lole yakale yabuluu: mabelo a shuga, matumba a mchere, sopo, madiramu awiri a palafini. Mwini wake anali bambo wamfupi wa kachisoti koyera ndi ndevu za imvi, dzina lawo a Twaibu, a sitolo ku Malomo. Nditamva dzina la Malomo ndinawapempha malo. Anakana mwaulemu, amati loleyo si ya anthu ndipo msewuwo si wa lole. Komabe anafunsa chimene chikutengera mayi wa mu ofesi ku Bua nyengo ngati imeneyo, ndipo ndinati kalata.

"Ya maliro?"

"Ayi, ya ntchito."

"Yolemba kapena yochotsa?"

Ndinakumbatira chikwama changa. A Twaibu anayang'ana mvula, kenaka anati, "Kwerani kutsogolo, amayi. Kalata yotero ndi bwino ifike ndi munthu."

Anthu a pa siteji ataona ndikukwera anabwera chothamanga, ndipo a Twaibu, amene anali atangonena kuti loleyo si ya anthu, anapezeka akukonza tenti kuti amayi a ana asanyowe pamwamba pa shuga. Ankayendetsa okha. Tinasiya tala itakwana thu koloko.

Poyamba zinkayenda. Lole inkavina, kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo, koma inkapita. Mbali zonse kunali fodya ndi chimanga chamngaiyaye, ndi ana a sukulu ambirimbiri, poti sukulu inali itangokhala yaulere, akuyenda pamzere m'mphepete mwa msewu atafunda masamba a nthochi. Titayenda ngati ola ndi theka tinaipeza basi ija pa dambo lina. Inali itapendekera m'ngalande ngati ng'ombe yotopa, kondakitala wake atakoleza moto pansi pa khomo akuwotcha chinangwa. Anatikwezera dzanja ngati munthu amene ali pakhomo pake. A Twaibu anatsika, anayendayenda, anaponda apa ndi apo, n'kuona kuti kumanja kungadutsike. Kunadutsika mpaka theka. Kenaka matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, lole n'kukhala pansi.

Tinakhala pamenepo maola atatu. Amuna anatsitsa madiramu ndi theka la mchere, anadula nthambi, anatuta miyala pa kaphiri kapafupi. Anthu a m'mudzi wa pamenepo anabwera ndi makasu mofulumira kwambiri moti wina mwa okwera ananong'ona kuti mwina dzenjelo amalisamalira okha ngati dimba. Anagwirizana kuti alandira mchere ndi sopo. Ine potsika ndinaponda pamalo pooneka pouma, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Mwendowo unatuluka, nsapato inatsala. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono koma sindinaipeze, ndipo ndikhulupirira ikadali pomwepo. Thalauzi ija inaonekera poyera, koma aliyense anali ndi matope ake oti asamale.

Amene anagwira ntchito kuposa onse anali a Twaibu, atagona chamimba pansi pa lole kufukula ndi fosholo. Atatuluka ndinaona milomo yawo itauma mpaka kuyera, ndipo ndinawapatsa botolo langa la madzi ndi nthochi ziwiri. Anathokoza ndi manja awiri koma sanalandire. Anati uno ndi mwezi wawo wosala, sadya kapena kumwa mpaka dzuwa litalowa. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti njira yonse ndinkatafuna mtedza pambali pawo. Iwo anaseka, amati kusala kwawo si njala yanga, ndidye.

Lole inatuluka dzuwa likugwera kuseri kwa mapiri a Dowa. Titapakiranso katundu, a Twaibu anasamba m'manja ndi kumaso pa kachithaphwi koyera, anayala thumba m'mphepete mwa msewu n'kupemphera, ife tonse tili chete, ndi apachilamu a ndale akanakhalapo akanakhala chete. Atatha ndi pamene anandipempha madzi aja. Anamwa pang'ono n'kupatsira bambo wina amene ankakankha nawo.

Pa Ntchisi Boma tinafika nyali zikuyatsidwa, kukuzizira ngati Juni. Ndinkaganiza zokagogoda ku resitihausi, koma a Twaibu anati mlongo wawo ali ndi nyumba kuseri kwa msika ndipo angakhumudwe kumva kuti mlendo wa mchimwene wake wagona kwa eni ndalama. Mayiyo sanandifunse zambiri. Ananditenthetsera madzi, anandipatsa futali wa mbatata wotentha, n'kundiyalira pamodzi ndi ana ake aakazi. M'mawa anandiperekeza kumsika ndili ndi patapata wake, ndinagula nsapato za pulasitiki zija tinkati sofiya, ndipo anandisankhira zazikulu pang'ono, amati mapazi a paulendo amatupa.

Tinanyamuka seveni koloko, okwera atatsala ochepa. Msewu wa ku Malomo umatsika ndi kukwera m'mapiri, nkhungu ili m'zigwa, phiri la Ntchisi likuoneka ndi kubisala kumanja. Zambiri sindinazione, maso anali pa matope a kutsogolo. Tisanafike theka la njira tinapeza kamtsinje kena katadzaza mpaka kumiza mlatho wake, madzi ofiira akudutsa pamwamba. Mvula inali itagwa kumapiri m'bandakucha. Tsidya lino kunali anthu a njinga ndi ngolo imodzi, tsidya linalo chimodzimodzi, ndipo ankafuulirana nkhani pamwamba pa mkokomo: za mtengo wa feteleza, za wodwala amene ankapita naye kuchipatala, za mbuzi ya wina imene inapezeka.

A Twaibu anathyola kamtengo n'kukazika pamene madzi ankalekezera, amati katiuza nthawi yonyamukira. Ndinakhala pa mwala n'kumayang'ana. Ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo ndinkatayipa kukwera ndi kutsika kwa madzi koma ndinali ndisanakhalepo pansi kuwaona akutsika. Sachita kuoneka. Umayang'ana kamtengo, palibe chikusintha, ukacheuka kuyankha munthu n'kubwerera, upeza kamzere ka thovu katsala pamtunda. Madziwo ankadutsa ndi katundu wawo: mapesi, dzungu lathunthu, lichero, nkhuku yakufa, chitsa chimene chinazungulira kawiri pamlatho ngati chikuganiza.

Ndinatulutsa mapepala aja kuona ngati sananyowe. A Twaibu anafunsa ngati ndiyo kalatayo, ndipo nditawafotokozera anandipempha kuti ndiwawerengereko. Ndinasankha za chaka china cha madzi ambiri. A Kanyumbu analemba kuti Bua akadzaza, anthu amati wakwiya, koma iwo saona mkwiyo, amaona munthu amene wasenzetsedwa katundu wa midzi yonse ya kumtunda ndipo alibe pomutula. Analembanso kuti madzi atatsika anapeza chimanga cha m'dimba chitagona chonse kuloza kumodzi, ndipo patapita masiku anayi chinayamba kudzuka chokha. Pamene ndinkamaliza, anthu a njinga anali atayandikira. Mayi wina anati ndi zoona, chimadzukadi, bola muzu usazuke.

A Twaibu anafunsa ngati ameneyo ndiye munthu amene ndikukamuchotsa ntchito. Ndinati si ine ndinalamula. Anati akudziwa, sakundiimba mlandu, akungodandaula kuti munthu wotere amakhala kufupi ndi sitolo yawo koma sakumudziwa.

Itakwana leveni, kamtengo kanali patali ndi madzi mapazi awiri. A Twaibu anapinda thalauzi, anawoloka wapansi akufufuza m'mphepete mwa mlatho ndi ndodo, anabwerera, ndipo tinadutsa madzi akumenya m'matayala. Wodwala wa tsidya lija anamuwolotsa atamunyamula amuna anayi.

Pa Malomo a Twaibu sanandisiye mpaka atandipezera ngolo ya ng'ombe yochokera kuchigayo, yobwerera kumidzi ya kufupi ndi Bua. Ndalama ya ulendo analandira monga analandirira kwa ena onse, koma anandipatsa paketi ya shuga kuti ndikapereke kwa mwini kalatayo, amati ndisakafike ndi chowawa chokha.

M'ngolomo munali amayi atatu oyera ndi ufa. Titayenda ndithu, mmodzi anafunsa kumene ndikupita, ndipo ndinati kwa a Kanyumbu a geji. Anayang'anana. Wamkulu mwa iwo anafunsa ngati sindinamve. A Kanyumbu anamwalira mvula yoyamba itangogwa, chibayo cha masiku asanu.

Ndinalira m'ngolomo, kulirira munthu amene sindinamuonepo, ng'ombe zikungoyenda. Amayiwo anafunsa ngati anali mbale wanga ndipo ndinati eya. Mpaka lero sindiona ngati ndinanama. Woyendetsa ngolo anati ngati ndikufuna kubwerera, pali njinga zimene zikupita ku Malomo. Ndinaganiza ndithu, poti kalata yopita kwa munthu wakufa ilibe ntchito. Koma kufika pafupi chotero n'kubwerera osapepesa maliro, amayi anga akanamva akanandikana.

Nyumba ya a Kanyumbu inali pa kamtunda, yofolera ndi udzu. Mkazi wa malemuyo, a NaMbewe, ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Anali mayi wamtali, wowonda, wa zaka ngati makumi asanu ndi zisanu, tsitsi likungomera kumene pambuyo pa kumeta. Anandiyalira mphasa, ndinapepesa, anandifotokozera za matendawo mwachidule ngati munthu amene wafotokoza kambiri. Nditanena kuti ndachokera ku ofesi ya ku Dowa, anaimirira n'kusasa chitenje.

"Ndiye mwabwerera manambala. Ndimadziwa kuti mubwera. Alipo."

Anandilowetsa m'nyumba n'kutsegula zenera. Khoma lonse la kuchipinda chochezera linali lodzaza ndi manambala olembedwa ndi khala, awiriawiri, m'mizere yotsika kuchokera pamene dzanja lawo linkafika mpaka pafupi ndi pansi. Ena anali otembenuka, koma onse ankawerengeka.

Anandiuza kuti maso a amuna awo anayamba kuchita ng'ala kalekale, moti geji sankaionanso, ndipo mawondo sankawalola kutsika gombe. Ankaopa kunena ku ofesi. Choncho anaphunzitsa mkazi wawo manambala, poti a NaMbewe sukulu sanapiteko, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri amene ankatsikira kumtsinje m'mawa ndi madzulo anali iwowo. Akabwerako ankanena nambala, bambowo n'kulemba mphuno ili pa pepala. Atamwalira, a NaMbewe sanadziwe kudzaza fomu ngakhale kulemba keyala, koma kumtsinje sanasiye kupita.

Ndinafunsa ngati mnzanga uja anali iwowo. Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anati chimene akudziwa n'chakuti tsiku lililonse akatha kunena nambala, bambowo ankafunsa kuti waonako chiyani lero, iwo n'kumafotokoza za mbalame ndi zina zotero, poganiza kuti nkhalambayo yangosowa mtsinje wake. Zoti ankazilemba, ndiponso zoti ku Dowa kuli munthu amene ankaziwerenga, sankadziwa.

Kalata ija ndinawawerengera yonse, sindinabise. Anamvetsera manja ali pa mawondo. Anafunsa ngati ndiye kuti asiye, ndipo ndinati ofesi sidzafunanso manambalawo. Anati chabwino, amva, koma sakulonjeza, chifukwa m'mawa miyendo imawatengera yokha. Shuga wa a Twaibu anamulandira n'kufunsa kuti ndi bambo uti, ndipo nditafotokoza anati akamuona akapita kuchigayo.

Masana onsewo ndinakopera khomalo m'mafomu, iwo akuloza ndi kamtengo tsiku ndi tsiku. Pa mzere woyamba panali mpata wa masiku atatu. Anati amenewo ndi masiku a maliro, anthu sanawalole kuchoka pakhomo, ndipo anandipempha kuti ndikawapepesere kwa abwana.  Ndinangolemba mzere pa masiku atatuwo n'kupitiriza.

M'mawa mwake tinatsikira limodzi ku Bua. Unali waukulu kuposa mmene ndinkauganizira, wofiirira, wosachita phokoso, ukuyenda pakati pa bango ngati ulibe kofulumirira. A NaMbewe ankayenda patsogolo opanda nsapato, akundichenjeza poterera. Anandionetsa mkuyu uja ndi chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati nkhokwe yaing'ono, ndi pamene katumbu amadyera nkhanu n'kusiya zigoba. Anasuzumira pa geji, ananena nambala, ine n'kuilemba. Kenaka tinakhala pa mwala, ndipo ndinatulutsa mapepala a zaka zisanu ndi chimodzi aja.

Ndinawerenga kwa nthawi yaitali. Ankandidula pafupipafupi, pena kutsutsa kuti ana a katumbu anali atatu osati awiri, nkhalambayo sinamvetse, pena kuseka pokumbukira mwini nsanza imene inabedwa ndi mbalame. Mawu ena ankawazindikira kuti ndi awo, ena ankati amenewo ndi a bambowo, iwo sangayankhule zozungulira choncho. Kenaka ndinafika pa tsamba lina la mwezi wa Januwale, limene ndinali nditaliwerenga kambiri osalimvetsa. Linkati: "Mnzanga waterereka pa geji lero, wabwera thupi lonse matope ngati mlamba, akuseka. Kuseka kumeneku ndinayamba kukumva ndili mnyamata, ndipo mpaka lero ndikakumva ndimasiya chimene ndikuchita."

A NaMbewe anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anayang'ana tsidya lina, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo wabodza ameneyu," anatero. "Tsiku limenelo pamaso panga anangoti ndine wosasamala, ndidzadyedwa ndi ng'ona."

Pamwala pomwepo ndinawauza za amuna anga, ndi za chitseko chimene ndinkatseka nthawi ya nkhomaliro. Ndinati ndinabwera kudzathokoza munthu mmodzi, koma ndapeza kuti oyenera kuthokozedwa anali awiri, ndipo mmodzi akadalipo. Iwo anati sakuona chimene anachita, ankangonena zimene aona. Anafunsa dzina la malemu amuna anga, ndi mayina a ana, ndipo analitchula lililonse kawiri kuti asaiwale.

Ponyamuka ndinawasiyira mapepalawo. Sizinali zophweka, ndipo iwo anaona. Anati kuwerenga satha, ndiye ndikawasiya ndiye kuti ndadzimangirira ndekha, ndizibwera kudzawawerengera. Ndinavomera. Anandiperekeza mpaka pa msewu wa ngolo atandisenzera chikwama, n'kundipatsa nkhaka zitatu za panjira.

Kubwerera ndinadzera ku Kasungu, masiku awiri, ndipo palibe chimene ndinataya. Geji inatsekedwa monga kalata inanenera. Manambala a pakhoma ndinawatayipa onse, ndipo pa malo a dzina la woyeza ndinalemba la a NaMbewe. Bwana anaona, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kusaina.

Ku Bua ndinapitako kasanu pambuyo pake, nthawi zonse mvula ikatha, kawiri pa lole ya a Twaibu, mpaka chaka chimene a NaMbewe anatsatira amuna awo. Mapepalawo ankawasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa khoma. Ndikafika ankanditumiza kaye kukasamba ndi kudya, kenaka ankatsitsa chitinicho, n'kufufuza okha tsamba limene analipinda pakona, n'kundipatsa kuti ndiyambire pa tsiku limene anaterereka.